Shado ikamathawira m'khwinya la chikope dzuwa lisanafike pamutu

Mumatuluka m'nyumba maso atakhala bwino, mitundu ya shado (utoto wopaka m'zikope) italowererana mpaka inu nomwe kudzisirira pagalasi. Mukwera minibasi ku Area 25 kapena ku Kawale, mupanikizana pampando, mutsika mu Town, ndipo pomwe ikukwana 11 koloko utoto wonse wasonkhana mumzere umodzi wakuda m'khwinya la chikope. Pamwamba pa mzerewo ndi pansi pake khungu lili poyera, lili noninoni. Amene ali ndi zikope za mafuta vutoli amalidziwa bwino, ndipo ambiri anafika pogonja, anasiya shado n'kumangojambula nsidze basi.

Chimandipweteka n'choti ambiri amathamangira kuimba mlandu shadoyo. Amataya kabokosi komwe anali nako, amagula kena kodula, mawa lake mzere uja wabweranso. Ena amaganiza kuti akapaka yambiri, ina ikachoka ina itsala, osadziwa kuti pamenepo ndiye akuonjezera moto. Mwa anthu amene ndimawaphoda, kawirikawiri cholakwika chimakhala chimene chagona pansi pa shado, komanso kuchuluka kwa zinthu zimene zaunjikidwa pakakhungu kakang'ono kameneka.

Khungu la chikope ndi lopyapyala kwambiri, silikwana ngakhale milimita imodzi, ndipo silipumula. Munthu amaphethira ka 15 mpaka ka 20 pa mphindi, ndiye kuti pa ola limodzi chikope chapindika ndi kutambasuka pafupifupi ka 1,000, pamalo amodzimodzi. Khungulo limatulutsa mafuta akeake, komanso m'mphepete mwa chikope, kuseri kwa tsitsi la m'maso, muli timabowo tambiri totulutsa mafuta oteteza misozi kuti isaume msanga. Mafuta amenewa ndi ofunika, pakuti diso lopanda iwo limauma n'kumathetha. Koma shado ndi ufa wautoto wogwirizanitsidwa ndi timafuta pang'ono. Ikakumana ndi mafuta ena imafewa, imayamba kutsetsereka, ndipo kuphethira kulikonse kumaikankhira m'khwinya. Kutentha kumangofulumizitsa zimenezi. Mu Lilongwe muno kuyambira Seputembala mpaka mvula itayamba, masana kumafika madigiri 30 ngakhale kuposerapo, mafuta a pakhungu amayenda msanga, thukuta la pachipumi limadutsa m'nsidze n'kutsikira m'maso. N'chifukwa chake shado yomwe inakukhalirani tsiku lonse mu Juni imakukanani mu Okutobala.

Musanagule kalikonse, dziwani kaye nthawi imene mzerewo umatuluka ndi maonekedwe ake, chifukwa zimenezo n'zomwe zimaulula gwero. Tsiku lomwe simukupita kutali, phodani diso lakumanzere monga mwa masiku onse, lakumanja musinthepo chinthu chimodzi chokha. Jambulani pafoni mutatsinzina mukangomaliza, mujambulenso masana ndi madzulo. Mukasintha zinthu zitatu nthawi imodzi simudziwa chimene chathandiza.

Mzere ukatuluka ola lisanathe

Apa musavutike kufufuza kutali: pachikope panali mafuta musanayambe n'komwe. Ambirife tinakula tikudzola nkhope yonse osasiya pena, makamaka m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi komanso mphepo ya mu Ogasiti ikamaomba fumbi, poopa kutuwa mbuu. Vaseline, gilisalini wosakaniza ndi loshoni, mafuta a kokonati, zonsezi zimathandizadi masaya ndi miyendo, koma pachikope palibe shado imene ingagwire pamwamba pake. Ngakhale mutalambalala maso podzola, mafutawo amayenda okha khungu likatentha, ndipo ena amatsalira kuzala. Mwadzola miyendo, simunasambe m'manja, mwatenga shado ndi chala, ndiye kuti mafuta mwawapititsa nokha.

Pali magwero ena amene anthu sawaganizira. Mafuta a m'mutu ndi amodzi: wigi kapena mesh yokhala ndi tsitsi logwera pachipumi, yopoperedwa mafuta onyezimiritsa, imakhala ikupukutira mafutawo m'nsidze tsiku lonse. Mafuta oteteza kudzuwa nawonso, ena ndi olemera. Ndiye pali chochotsera zophoda cha usiku wathawu. Ngati munapukuta masikara ndi mafuta a ana kapena Vaseline n'kugona osatsukuluza, m'mawa mafutawo akadali m'mizu ya tsitsi la m'maso.

Chochita n'chapafupi. M'mawa sambani kumaso ndi sopo wofewa wa kunkhope, zikope zomwe, mutatsinzina, ndipo muumitse posindikiza ndi kansalu koyera, osakhula. Mafuta odzola alekezere pafupa lozungulira diso. Zonona zolemera za m'maso, ngati mumagwiritsa ntchito, zisungireni usiku. Mukadzola dikirani mphindi zisanu kapena khumi, muvale kaye kapena mumwe tiyi, kenako musambe m'manja. Musanayike chilichonse pachikope, sindikizanipo tishu youma n'kuiyang'ana pakuwala. Ikaoneka kadontho konyezimira, sindikizaninso ndi mbali ina mpaka ituluke youma.

Concealer pachikope

Pano ndiye ndikhalitsepo, chifukwa ndi pamene atsikana ambiri amagwera. Pakhungu lakuda, mitundu yowala monga golide, pinki kapena buluu siionekera bwino ikapakidwa mwachindunji, motero tinaphunzira kuyala concealer yoyererapo pansi kuti utoto utuluke. M'mavidiyo a pa TikTok ndi pa Facebook zimaoneka zokongola zedi: burashi yodzaza concealer, mzere wakuthwa wodulidwa pakati pa chikope, shado yonyezimira pamwamba. Koma wojambulayo amakhala m'chipinda chozizira, ndipo kamera ikazima ntchito yatha. Inu mukupita kukaima padepoti dzuwa likuswa mtengo.

Concealer anaipangira kubisa mabala ndi mthunzi wa pansi pa maso. Kuti isaume n'kuonetsa makwinya, amaikamo mafuta ofewetsa, ndipo yambiri siiuma gwa ngakhale itakhala maola. Pachikope chouma imatha kupirira. Pachikope cha mafuta mwaika mafuta pamwamba pa mafuta. Faundeshoni nayo chimodzimodzi: mukamapaka nkhope, musamalizire zotsala za pasiponji m'zikope.

Chimene chinapangidwira ntchito imeneyi ndi primer ya m'maso. Ndi yosiyana ndi primer ya nkhope yonse, imene yambiri imakhala yoterera pofuna kusalaza timabowo ta m'masaya. Ya m'maso imauma n'kusiya kakhungu kopyapyala kogwira pang'ono, kamene kamatchinga mafuta asakwere msanga komanso kamagwira ufa wa shado. Zilipo za mitengo yosiyanasiyana, za Urban Decay, NYX, e.l.f., Milani ndi ena, ndipo kachubu kamodzi kamatha miyezi yambiri chifukwa mlingo wake ndi wochepetsetsa: kadontho kofanana ndi njere ya mpunga kakwanira maso onse awiri. Ambiri amene amati primer siiwathandiza amakhala akupaka yochuluka. Amene anazirapo pakhonde amadziwa kuti dothi ukalimata lochindikala limang'aluka pouma, pomwe lopyapyala lotsiridwa bwino limakhala see. Pachikope n'chimodzimodzi.

Ikani kadonthoko kuseri kwa dzanja, mutengeko pang'ono ndi chala choyera, musindikize kuyambira m'mphepete mwa tsitsi la m'maso kukwera mpaka kupyola khwinya, pafupi ndi nsidze. Musaiwale kona ya mkati pafupi ndi mphuno, chifukwa ndi pamene mzere umakonda kuyambira. Kenaka yang'anani pansi, chikope chitatambasuka, kwa pafupifupi mphindi imodzi. Mukatsegula maso primer isanaume, iyo yomwe imasonkhana m'khwinya ndipo shado idzangotsata njira imeneyo. Ikhudzeni: ikhale yomata pang'ono koma yosanyowa.

Nanga mtundu utuluka bwanji popanda concealer? Pali primer zautoto, zina zoyera zina zofiirira, zopangidwira zomwezo. Palinso shado za phala zouma msanga, za mukabotolo kapena zonga pensulo, zimene zikauma sizisunthanso. Mukayala imeneyo pang'ono n'kusindikiza shado ya ufa pamwamba, mitundu imawala ndipo imakhalitsa. Ngati ndalama sikulola ndipo chomwe muli nacho ndi concealer basi, sankhani yosanyezimira, ikani yochepa kwambiri pakati pa chikope pokha, isalazeni ndi chala mpaka khwinya likhale lopanda kanthu, ndipo nthawi yomweyo, musanaphethire kambiri, sindikizanipo paudala wopanda mtundu. Mukathira paudala pamwamba pa mzere womwe wapangika kale, mwaukhazikitsa mzerewo tsiku lonse.

Zikamakhala bwino m'mawa koma n'kuonongeka masana

Izi ndiye zikope za mafuta zenizeni. Mwachita zonse bwino, koma pofika 2 koloko khungu latulutsa mafuta atsopano. Simungaletse khungu kugwira ntchito yake, koma mungathe kuchedwetsa.

Choyamba, primer ikauma, pakanipo paudala wochepa ndi burashi yofewa m'khwinya ndi pamwamba pake. Wopanda mtundu ndi wabwino, koma pakhungu lakuda samalani ndi woyera kwambiri, amatuwitsa ndipo pachithunzi cha flash amaonekera. Shado yosanyezimira yofanana ndi khungu lanu imagwiranso ntchito yomweyo. Pakati pa chikope, pomwe mukufuna kuika yonyezimira, pasiyeni osathira paudala kuti igwire.

Chachiwiri ndi kapakidwe. Kukhula burashi uku ndi uku pachikope kumachotsa primer ija. Tengani shado pang'ono, gogodani burashi kuti yochuluka igwe, isindikizeni pakhungu, muonjezere kachiwiri ngati mtundu sunakwane. Kusakaniza mitundu kuchitike m'mphepete mokha, mopepuka. M'khwinya mwenimwenimo muike yosanyezimira. Shado zonyezimira zimakhala ndi mafuta ambiri kuti tizidutswa towala tigwirane, choncho ndi zomwe zimayamba kuyenda. Ziikeni pakati pa chikope, pomwe khungu silipindika kwambiri. Zija zooneka zonyowa phuliphuli, zoti ena amapaka gloss ya milomo pachikope, ndi zojambulitsa basi. Pachikope chilichonse zimasonkhana.

Setting spray, madzi opopera kunkhope pomaliza kuti zophoda zikhalitse, imathandiza pang'ono, makamaka kuthukuta, koma siilowa m'malo mwa primer. Popoperani mutatsinzina, botolo lili patali ndithu, ndipo musatsegule maso mpaka iume. Njira ina yabwino ndi kupopera pang'ono paburashi musanatenge shado yonyezimira.

Masana, kaya ku ofesi ku City Centre kaya kushopu, musadikire mzere. Cha m'ma 12 koloko sindikizani kapepala koyamwa mafuta, kapena tishu yoyera yosendedwa kukhala yopyapyala, pachipumi, m'nsidze ndi pamwamba pa chikope. Kusindikiza n'kuchotsa, osapukuta. Kansalu ka thukuta kaja, komwe kapukuta khosi ndi m'manja, kasafike m'maso.

Ikamang'aluka kapena kukhala zigambazigamba

Ili ndi vuto lina, ngakhale ambiri amalisokoneza ndi loyamba lija. Shado ikamaoneka youma, yosweka, burashi ikukakamira pena n'kudumpha pena, ndiye kuti mwaumitsa mopitirira: primer yachuluka, paudala wachuluka, kapena chikope chili ndi timakoko touma. Zimachitika kwambiri m'miyezi yozizira. Chepetsani paudala, ndipo usiku dzolani kazonona kopepuka kozungulira maso. Khungu likhoza kukhala la mafuta koma losowa chinyezi nthawi imodzi, makamaka ngati mumalisambitsa ndi sopo wamphamvu.

Ailaina yodinda pamwamba, masikara otsikira pansi

Ena zikope zawo zili ndi khungu lolendewera kuchokera kunsidze, loti maso akatseguka limaphimba chikope chonse. Kwa amenewa khungu limakhudzana lokhalokha tsiku lonse, kumatentha, kumanyowa, ndipo ailaina (utoto wojambulira mzere m'mphepete mwa diso) imadinda mzere wachiwiri pamwamba. Ngati maso anu ndi otere, jambulani mzere woonda kwambiri m'mizu ya tsitsi la m'maso, ndipo shado muikweze pamwamba pa khwinya, mukuyang'ana pagalasi maso ali otsegula, kuti muone pomwe idzaonekere. Pensulo yofewa ya phula ndi yomwe imadinda msanga. Ailaina ya madzi kapena ya gel youma gwa imapirira, bola muipatse nthawi youma mukuyang'ana pansi. Ngati mumakonda pensulo, sindikizani shado yakuda pamwamba pake ndi kaburashi kakang'ono.

Pa masikara pali chinthu chimene ambiri sachidziwa. Olembedwa kuti waterproof amalimbana ndi madzi, misozi ndi thukuta, koma chimene chimawasungunula ndi mafuta, n'chifukwa chake timawachotsa ndi zochotsera za mafuta. Ndiye pachikope cha mafuta akhoza kudethabe. Alipo ena otchedwa tubing, amene amakuta katsitsi kalikonse ndi kachikuto kosasungunuka ndi mafuta, n'kuchoka ndi madzi ofunda. Mukawapeza, amenewo ndiwo a zikope zotere. Tsitsi la m'munsi mwa diso mukhoza kungolisiya.

Tsiku la ukwati kapena chinkhoswe

Maukwati ambiri kuno amagwa m'chilimwe, ndipo tsikulo ndi lalitali: kuphoda kum'bandakucha, kutchalitchi m'mawa, zithunzi padzuwa, kenaka perekaniperekani mpaka madzulo, operekeza akuvina thukuta lili kamukamu. Mkwatibwi ayese zophoda zake tsiku lina ukwati usanafike, azikhala nazo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, akuyenda panja, osangoona pagalasi la ku saluni n'kuvomera. Ngati zikope zanu ndi za mafuta, muuzeni wokuphodaniyo poyambirira, ndipo mufunseni chimene ayale pansi pa shado. Musachite manyazi, nkhope ndi yanu ndipo zithunzi zake zidzakhala pakhoma zaka zambiri. M'mawa wa tsikulo musadzole chilichonse m'zikope, ngakhale azakhali atanena kuti mwatuwa. Maso ayambe kuphodedwa faundeshoni isanapakidwe, kuti zogwera m'masaya zipukutidwe mosavuta.

Mmodzi mwa operekeza asunge kachikwama ka tishu, timitengo ta thonje, paudala, kaburashi kamodzi ndi shado yomwe yagwiritsidwa ntchito. Mzere ukatuluka, musathire shado ina pamwamba pake. Yambani mwasindikiza tishu kuyamwa mafuta. Kenako ndi chala choyera kapena kathonje, gogodani mzerewo pang'onopang'ono kuti utoto ubalalikenso. Ikanipo paudala pang'ono, ndipo pomaliza, ngati pena payera, onjezerani shado pamenepo pokha. Ntchito yonseyi siikwana mphindi ziwiri, ikhoza kuchitikira m'galimoto popita kuholo.

Zimene ndikukupemphani kuti musayese

Pali malangizo amene amayenda m'magulu a WhatsApp amene amandidetsa nkhawa. Ena amapaka milk of magnesia, mankhwala a m'mimba aja, ngati primer. Amaumitsadi mafuta, koma mphamvu yake ndi yosiyana kwambiri ndi ya khungu lathu, ndipo akagwiritsidwa ntchito kawirikawiri amalikwiyitsa. Pafupi ndi diso ndiye ayi ndithu. Sipiriti, mandimu, spray ya tsitsi, guluu wa wigi kapena wa mesh pomatira ma lashes (tsitsi la m'maso loikirira), zonsezi zisayandikire diso. Sopo wochapira zovala amasiya nkhope ili gwa kwa kanthawi, koma mafuta amabwerera khungu litaonongeka kale. Wanja wa ufa wosadziwika komwe wachokera musamalenso naye, chifukwa wina wa mtundu umenewu anapezeka ndi mtovu, umene ndi poizoni.

Mafuta oyeretsa khungu ndi nkhani yaikulu payokha. Ambiri amakhala ndi mankhwala a steroid, amene amapyapyalitsa khungu, ndipo akamapakidwa pafupi ndi diso kwa nthawi yaitali akhoza kukweza mphamvu ya madzi a m'diso mpaka kuononga kuona. Chikope chofika pamenepo palibe primer ingachikonze.

Zophoda zachinyengo nazo zilipo zambiri, zokhala ndi dzina lodziwika koma mtengo wotsika modabwitsa. Mukatsegula n'kumva fungo lachilendo, kapena zapatukana madzi pamwamba phala pansi, musaziike m'maso. Masikara asinthidwe pakatha miyezi itatu chitsegulireni, asathiridwe madzi kapena malovu akauma, ndipo asabwerekanidwe, ngakhale ndi achemwali anu. Maburashi a m'maso achapidwe sabata iliyonse ndi sopo wofewa n'kuwagoneka kuti aume. Burashi yakuda imanyamula mafuta a dzulo kuwapititsa pashado ya lero, ndipo kakhungu kolimba konyezimira kamene kamapangika pamwamba pa shado m'kabokosi ndi mafuta omwewo. Kapaleni pang'ono kapena kamatuleni ndi selotepi, shadoyo iyambanso kutuluka bwino.

Nthawi zina mafuta a m'zikope amabwera ndi zizindikiro zina: m'mphepete mwa chikope muli psuu, mukuyabwa, m'mizu ya tsitsi la m'maso muli timakoko tonga mfundu, podzuka maso amatana, kapena kachotupa kowawa kamangobwerabwera. Pamenepo siyani kaye zophoda zonse za m'maso, ma lashes omwe. Kuthowa ndi kansalu koyera konyika m'madzi ofunda kwa mphindi zisanu mpaka khumi kumafewetsa mafuta otseka timabowo tija. Zikapanda kusintha pakatha masiku angapo, kapena diso likuwawa, likuopa kuwala, kapena mukuona mwachimbuuzi, pitani kuchipatala msanga. Ku Kamuzu Central Hospital kuli mbali yoona za maso. Masikara ndi ailaina zomwe munkagwiritsa ntchito diso likudwala muzitaye, musadzazibwererenso mukachira.